Theka la Tiyi wa Ba Mulamu

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene achimwene anga a Mabvuto anabweretsa mkazi wawo kuchokera ku Petauke kudzakhala nafe ku Ngungu, komboni ya ku Kabwe. Dzina lawo linali a Misozi, koma ine ndinkangoti ba mulamu. Anafika ali ndi pakati pa miyezi inayi, m'manja mwawo muli mbuu, ndipo akatunga ndowa imodzi yokha pampopi ankakhala pansi n'kumapuma wefuwefu.

Chibemba, chomwe anthu amalankhula ku Kabwe, sankachimva ngakhale pang'ono, ankangodziwa chilankhulo chathu cha kumudzi. Ine wobadwira ku Kabwe ndiye ndinali pakamwa pawo, kumsika, m'minibasi, kulikonse. Ndinkadzimva, ndipo kunena zoona ndinkawaderera.

Kwathu tiyi wamkaka ankaoneka pa Khirisimasi basi. Koma chifukwa cha pakatipo, achimwene, amene ankayendetsa minibasi, anayamba kusiya mkaka ndi mabanzi m'mawa uliwonse. Alamu ankamwa theka, lotsalalo n'kundikankhira ine. Abale, tiyi uja ankakoma! Ndinali wadyera, sindikana.

Tsiku lawo la sikelo amayi anandituma kuti ndiwaperekeze. Anamwino ake anali mayi wachikulire wovala magalasi. Anawakoka chikope, anawabaya chala, kenaka anati magazi ndi ochepa ndipo n'zoopsa pa tsiku lobereka. Anatipatsa timapiritsi tofiira ta ayironi n'kufotokoza m'Chibemba, pang'onopang'ono, akuyang'ana ine. Anati kumeza piritsi sikuti lalowa m'magazi. Thupi limangotengako pang'ono, ndipo tiyi ndi mkaka zikakumana nalo m'mimba zimaligwira, zambiri n'kungotuluka. Anati azimwera madzi, makamaka ndi lalanje, ndimu kapena gwafa, ndipo tiyi azidikira padutse maola awiri.

Ndinamva zonse. Koma amayi anga ndinkawadziwa. Akanangomva kuti tiyi amadana ndi mankhwala, za maola awirizo sakanazimvera n'komwe, akanangouza achimwene kuti asiye kugula mkaka. Alamu atandiyang'ana kuti ndimasulire, ndinati, “Bakamba ati muzimwa kamozi tsiku lililonse, osadumpha.”

Ndinathera pomwepo.

Kwa miyezi iwiri ndinkaphika tiyiyo ndi manja angawa ndisanapite kusukulu. Mapiritsiwo ankawachititsa nseru, ankati akununkha ngati msomali wadzimbiri, ndiye ankandipempha kuti ndichulutse masamba kuti fungo lisamveke. Sanadumphe tsiku ndi limodzi lomwe. Ankameza, n'kutsikiritsa ndi tiyi wakuda bii wothira mkaka, ine nditaima pambali kudikira theka langa.

Titabwerera kusikelo tinapeza namwino wina, wachitsikana komanso wothamanga. Magazi anali asanakwere. Iye sanafunse zambiri, anangoti amayi ena amabisa mapiritsi kunsi kwa matiresi, ndiye awa asamanamize anthu. Zimenezo ndiye ndinamasulira zonse osasiyako liwu, ndipo kunyumba ndinakazibwerezanso.

Achimwene anakalipa mpaka oyandikana nafe anasuzumira pampanda. Anati iwo akuvutika pamsewu pamene wina akuseweretsa moyo wa mwana wawo. Amayi anatukula matiresi, anakhuthula chikwama cha alamu, anakafufuzanso kudzala. Sanapeze kanthu, komabe anagamula kuti kuyambira tsikulo piritsi azimwera pamaso pa onse. M'mawa mwake munthu wamkulu uja anameza piritsi n'kuyasamula kuti apongozi ake aone, ngati kamwana ka ku sikelo. Misozi inkagwera m'kapu. Ine ndinali pomwepo, ndipo theka la tiyi ameneyo ndinamwa.

Patapita milungu iwiri alamu anagwa pampopi. Amayi ndi ine tinawatengera kuchipatala chaching'ono cha kusikelo kuja pa takisi, ndipo amayi anatsala panja ndi katundu. M'kati tinapeza anamwino a magalasi aja. Iwo sanakalipe. Anangofunsa kuti piritsilo amamwa nthawi yanji, ndipo amamwera chiyani. Ndinamasulira.

“Na tiyi,” anatero alamu.

Apo panalibe chomasulira. Anamwino anavula magalasi n'kutembenukira kwa ine. Anati akundikumbukira bwinobwino, ndipo za tiyi anandiuza kawiri. Anafunsa ngati ndinawauza alamu. Ndinkangoyang'ana zala zanga zakumapazi.

“Bakamba chani?” alamu anandifunsa.

Panalibe wina woti awauze. Ndinayenera kudzinenera mlandu ndekha, m'chilankhulo chathu, liwu ndi liwu: kuti tiyi amatsekereza mankhwala, kuti anamwino ananena tsiku loyamba lomwe lija, ndiponso kuti ine ndinamva. Alamu anandiyang'ana. Ndinkadikira kuti aitane amayi. M'malo mwake anakonza chitenje chawo n'kunena motsitsa mawu, “Ubauze kuti unaniuza. Ndine n'naibala.”

Ndinawauza anamwino kuti alamu ndiwo anaiwala. Anamwino anawadzudzula chifukwa cha kusasamala, ndipo chidzudzulo chimenechonso chinadutsa pakamwa panga.

Anawatumiza kuchipatala chachikulu komwe anawaika magazi. Mwana anabadwa wochepa thupi koma wamoyo, ndipo lero ndi mnyamata wamtali kuposa bambo ake. Nditakula, anthu odziwa anandiuza kuti mwina tiyi sanali yekha, kuti malungo ndi zina zimachepetsanso magazi. Mwina n'zoona, koma ine zimenezo sizinditsuka. Mankhwala analipo, munthu ankamwa mokhulupirika, ndipo mawu amene akanathandiza kuti thupi lake liwalandire anathera m'kamwa mwanga. Masiku ano ndikaona wina akumezera mapiritsi a magazi ndi tiyi ndimalowerera ngakhale sanandifunse, ena mpaka amanditcha wolongolola. Achimwene ndinawauza zoona ndili ndi zaka makumi awiri. Zaka zonsezo alamu anasenza dzina la woiwala, osatsegula pakamwa.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi Loweruka loyamba atatuluka m'chipatala. Anamwa piritsi lawo m'mamawa ndi madzi a ndimu. Dzuwa litakwera anaphika tiyi okha, anathira mkaka, n'kundiitanira kuseri kwa nyumba. Sindinafune kukhala pansi. Anamwa theka monga mwa masiku onse, n'kukankhira kapu kwa ine.

“Imwa,” anatero. “Sembe unangokamba kuti ufuna tiyi, n'kanakupatsa yonse.”

Ndinamwa chifukwa ankandiyang'ana. Anali atathira shuga wambiri, momwe ndinkakondera.