Mkaka wa Masiku Anayi

"Iwe wa kapulana, tabwera kuno."

Linali Lachiwiri m'mawa, mu Novembala, chisankho chitapita, matayala akuyaka pamsewu wochokera ku Nhartanda. Ndinali nditasiya mwana wa miyezi isanu kwa apongozi kuti ndithamange kukagula makala, makala okha basi. Wapolisi anandigwira pamkono, ine ndikuti mwana, mwana, iye osamva, mpaka m'galimoto.

Mlandu unali nsalu. M'chiuno ndinamanga kapulana, chitenje cha chipani cholamula, nkhata yosenzera makala inali ya otsutsa. Zonse tinalandira ulere pa kampeni. Amayi anga anaona mbendera ya Apwitikizi ikutsika ali kamtsikana, anathawira ku Malawi pankhondo, anabwerako mtendere utasainidwa, ndipo anatiphunzitsa chimodzi: aliyense akagawa chinthu landira, sudziwa amene adzafike mawa ndi mfuti.

Titafika kupolisi, ku esikwadra, mkulu wa apolisi anayala nsalu zonse ziwiri patebulo.

"Tsono ndiwe wa ndani?"

"Ndine wa ku Angónia, shefe."

"Usandiseweretse. Unavotera ndani?"

Ndinayang'ana nsaluzo, ndinayang'ana nkhope yake, osadziwa kuti yankho lotsegula chitseko ndi liti. Sipanatenge nthawi yaitali, ndodo zinayamba kundigwera.

M'chipinda tinachuluka moti kugona kunali kosinthana. Lachitatu mabere anauma ngati miyala, bulauzi yonse chonyowa. Mayi wina wachinyungwe, sitinkamvana bwino, anandithandiza kukamira mkaka m'chidebe chodzithandiziramo. Mlonda anasuzumira n'kuseka.

"Ng'ombe iyi ndi ya boma kapena ya otsutsa?"

Loweruka anangotsegula. "Pita." Chifukwa chake sanandiuze.

Ndinathamanga osaima mpaka kunyumba. Mwana atandiona anatambasula timanja, ine bere ndatulutsa kale, koma apongozi anandigwira dzanja.

"Ayi, amake mwana. Mkaka wagona kunja masiku anayi, wasasa. Mukufuna mutiphere mwana?"

"Koma amayi, kuchipatala amati mkaka susasa."

"Achipatalawo anali kuti mwanayu akulira mpaka kusasa mawu?"

Ndinalibe mphamvu yotsutsana ndi munthu winanso. Ndinabweza bere m'bulauzi.

Anthu amandiuza kuti ndithokoze, ena sanatuluke, ine ndili paufulu. Mwina n'zoona. Amene anapambana pamsewu paja sindimudziwa mpaka lero. Chimene ndikumbuka n'chakuti ndinakhala pamkeka tsiku lomwelo ndikumudyetsa mwanayo phala ndi supuni, iye akutembenuzira kamutu pachifuwa panga, ine ndikukabweza. Sanayamwenso.