Chigubu cha Apongozi

Chinayamba ndi fungo. Titangolowa m'tinjira topanikiza ta mzinda wa Varanasi ku India, ndinamva kununkhira kwa nyama yootcha, malovu n'kudzaza m'kamwa, chifukwa chinyamukireni ku Dubai apongozi anali atatiletsa nyama. Ndinakoka malaya a amuna anga n'kuwanong'oneza kuti, "Bambo ake, kanyenya ali pati? Tigule mobisa."

Anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Khala chete iwe! Si mbuzi imeneyo."

Amuna anga ndi mmwenye wobadwira ku Limbe, Chichewa amachitafuna kuposa ine. Timakhala ku Al Mankhool ku Dubai m'kafulati ka zipinda ziwiri, ife, ana athu awiri ndi apongozi anga. Ulendowu unali wa apongoziwo. Ankati asanamwalire aone adzukulu awo akulawa madzi a mtsinje wawo woyera wa Ganga. Ine ndinkangoti mtsinje ndi mtsinje.

Titatulukira pa masitepe otsikira kumadzi ndinaona ndi maso anga. Milu ya nkhuni ikuyaka, utsi tolotolo, ndipo pa mulu wina panatulukira phazi. Phazi la munthu, zala zonse zisanu, bambo wina akulikankhira m'moto ndi nsungwi ngati akusonkhezera chikuni. Malovu aja anandiwawira m'kamwa. Ndinasanza pompo, pafupi ndi ng'ombe imene inkadya maluwa a maliro, ng'ombeyo osasuntha n'komwe.

Kwathu ku Thyolo khanda silifika kumanda, ndipo wochokera kumeneko amayamba wasamba asanagwire mwana. Kuno mitembo inkatidutsa m'mapewa, onyamula akuyimba, ine ndili ndi wa miyezi isanu ndi itatu kumsana, wa zaka zitatu ndamugwira dzanja mpaka kumusiyira zikhadabo. Phulusa la anthu ankalikokolera m'madzi. Pang'ono pomwepo wina akusamba, wina akuchapa, wina akutsuka mano n'kulavulira momwemo, ngalande yakuda bii ikuthira pambali.

Apongozi analowa mpaka m'chiuno, misozi ili mbwembwembwe, akuseka. Sindinawaonepo okondwa choncho, ndipo n'zimene zinandiopsa kwambiri. Anatunga madzi m'manja n'kulunjika kwa mwana wanga wamkulu.

"Tsegula kamwa, mdzukulu wanga. Iyi mankhwala."

Ndinamutsina pantchafu. Anakuwa, ine n'kuti, "Amayi, pepani, wapanikizika, akufuna kukodza," n'kuthamanga naye masitepe onse, winayo akugwedezeka kumsana. Sindinatsikenso. Ndinati mutu ukundiwawa, ndipo ana sandisiya.

M'ndege ndinapuma, ndinati khalas, zatha. Ndiye tikumasula katundu ku Al Mankhool ndikuona chigubu choyera chapulasitiki, chokulungidwa m'sari, madzi ake otuwa ngati otsukira mbale. Apongozi anachikhazika pa kashelefu ka milungu yawo, pafupi ndi lubani. M'mawa mwake ndikutuluka m'bafa ndinapeza wamkulu uja akunyambita milomo, agogo ake ali ndi kasupuni m'manja, akuyang'ana khanda. Ndinalinyamula n'kulipatsa bere msangamsanga.

Amuna anga ndinawatsatira mpaka pa lifiti.

"Mwaona zimene amwetsa mwana?"

"Madontho awiri okha. Ine ndinakula ndikumwa amenewo, ndafa?"

"Munaliona phazi lija kapena ndinaliona ndekha?"

"Iwe, amayi ndi a BP, usayambe. Yalla, ndapita, ndachedwa kusitolo."

Tsiku lonse ndinkangosuzumira m'kabudula wa mwana kuona ngati watsegula m'mimba. Akangotsokomola, mtima wanga phaa. Kulankhula ndi apongozi sindikanatha. Mayi amene anandilandira ine wosapitirira Sitandade 6, abale awo onse akundikana, ndikawauze kuti mtsinje wawo ndi uve?

Madzulo apongozi anatenga ndodo yawo kupita kukachisi. Ndinadikira lifiti itseke. Chigubu ndinachinyamula ndi nsanza, osafuna kuti chindikhudze. Ndinaima nacho pakhomo la chimbudzi, koma ayi, Mulungu wa eni ake sanandilakwire. Ndinapita pakhonde n'kuthira madzi onse pa kamtengo kawo kopatulika ka m'mphika, ndikupumira m'kamwa. Pansi panatsala timatope takuda. Ndinatsuka ndi madzi owira katatu mpaka pulasitiki inayamba kufewa, kasupuni kaja n'kukaphika ngati mbatata.

Kenako ndinathiramo madzi akumwa owiritsa. Anayera kwambiri, akanadziwa. Ndinadonthezamo tiyi wopanda shuga, pang'onopang'ono, ndikuunika pawindo, mpaka anatuwa ngati poyamba. Ndinachibwezera pamalo pake, chogwirira chikuloza kukhoma monga anachisiyira.

Kutacha apongozi anatenga kasupuni. Khanda ndinalikhazika pamiyendo panga, n'kuligwira chibwano ndekha.

"Yasamula, agogo akupatse," ndinatero.

Tiyi sachedwa kusasa, choncho madziwo ndimawasintha pakapita masiku atatu, iwo akangotuluka.