Nati Yamanzere pa Lole ya Maliro

Ntchito ya umakaniko ndinaipeza kudzera mwa a Nyirenda, mkulu wa mpingo wathu ku Philippi, kuno kunja kwa dziko lathu, amene ankalondera pa geti ya mafakitale ena ku Epping. Nthawi imeneyo ndinkatsuka mbale mu lesitilanti ku Hout Bay, koma iwo ankadziwa kuti kwathu ku Kasungu ndinagwirako sipanala pokonza maminibasi. Tsiku lina titaweruka ku tchalitchi anandikokera pambali.

"Pali Msilamu wina ali ndi galaja ya malole kuseri kwa msika wa zipatso. Akufuna munthu wosaopa girisi. Mawa mulawire, mukanene kuti ndakutumani ndine."

Mwini galajayo aliyense ankamutchula kuti Boeta Salie. Anali wamfupi, wa ndevu zoyera, wosakonda kuyankhula. Sanandifunse mapepala a sukulu. Anangoyang'ana zikhatho zanga n'kundiponyera ovolosi. Miyezi yoyamba ndinkatsuka zitsulo mu palafini, kusintha oyilo ndi kuwagwirira zida. Mawu amene ndinkawamva kuposa ena onse anali akuti "stadig", kutanthauza kuti pang'onopang'ono.

Tsiku limene sindiliiwala linali Lachisanu, m'chilimwe cha kuno, phula likuchita kumata ku nsapato. Lachisanu lililonse masana Boeta Salie ankavala kachipewa kawo koyera, kuzimitsa foni n'kupita ku mzikiti, ine n'kutsala ndikusesa. Tsiku limenelo atangochoka, pa geti panalowa lole ya matani anayi, ikufuka nthunzi kunsi kwa kabu, madzi obiriwira akuchucha pansi. Kumbuyo inadzaza katundu wa anthu otumiza kumudzi, ndipo inkakoka kangolo koyera kotseka. Nditaona nkhata ya maluwa pa chitseko cha kangoloko, ndinadziwa chimene chinali m'katimo.

Dalaivala, a Mhango, anatsika atanyamula pampu ya madzi yatsopano m'katoni.

"Achimwene, tithandizeni. Tanyamula maliro, tikupita ku Mzimba. Pampu yatisiya tisanatuluke n'komwe m'tauni. Yatsopano ndagula, koma fani ikukana kuchoka."

Malemuwo anali a Gondwe, amene anagwira ntchito ya m'maluwa ku Hout Bay zaka zambiri. Mu kabu munali akazi awo, NyaChirwa, atafunda chitenje kumutu, ndi mng'ono wa malemuwo, Wongani, mwamuna wamtali wa maso ofiira chifukwa chosagona. Kumudzi anthu anali atasonkhana kale. Ulendo wa masiku angapo unali usanayambe, ndipo kutentha kuja aliyense ankadziwa chimene kumachita ndi thupi la munthu, ngakhale lokonzedwa.

Ndinaimbira Boeta Salie. Foni inali yozima. Ntchito imeneyi ndinali nditaionapo kangapo, ine nditagwira chitsulo iwo akumenya, koma ndekha ndinali ndisanaichitepo.

Ndifotokoze pang'ono kwa amene sanasuzumirepo m'injini. Fani siimangidwa mwachindunji pa pampu. Pakati pake pamakhala kilatchi ya fani, chitsulo chozungulira cha timizeremizere chokhala ndi mafuta olimba m'kati, chimene chimagwiritsa fani injini ikatentha. Pa lole imeneyi kilatchiyo inamangidwa ku mphuno ya pampu ndi nati imodzi yaikulu. Osamasula nati imeneyo, pampu situluka. Ndipo kutsogolo kwake, mpata wongokwana dzanja, kuli lediyeta, yofewa ngati chitini cha sobo.

Tinatsitsa mayi aja, ndinawaikira mpando pa mthunzi wa khoma, kenako tinapendeketsa kabu n'kuichirikiza. Ndinachotsa waya wa batire. Nditayandikiza dzanja pa injini, ndinalibweza msanga.

"Tidikire izizire kaye," ndinatero.

"Tidikire?" anafunsa Wongani. "Mukudziwa amene ali m'ngolomo?"

"Ndikudziwa, achimwene. Pepani kwambiri. Koma tikaigwira chonchi tipsa, ndipo madzi ali m'katiwa akhoza kutithira kumaso."

Wongani anandifulatira. Anayamba kuzungulira loleyo, foni yake ikulira kosalekeza. Ndinkamumva akuyankha m'Chitumbuka kuti tanyamuka, tili m'njira. Ine ndinatenga chokupizira mphepo cha mu ofesi n'kuchilozetsa pa injini, ndikupopera mafuta omasulira dzimbiri pa nati ija. Ndi pamene ndinaona kuti makona ake awiri anali ataphwanyika.

"Munayesa kumasula?" ndinafunsa a Mhango.

"Ndinayesa ndi shifita, sipanala yosintha kukula ija, ndinaika ndi paipi yomwe. Ndinakokera kumanzere mpaka msana kuwawa."

Ndinatulutsa pampu yatsopano ija m'katoni n'kuyendetsa chikhadabo m'mazinga ake. Anali amanzere. Nati yotere imamasuka ukaipotokolera kumanja, mbali imene nati zina zonse zimamangira. Mphamvu zonse za a Mhango zinapita poilimbitsa. Iwo anangogwira pakamwa.

Nditatembenuka, Wongani anali atatenga hamala yaikulu ndi tchizulo pa benchi yathu, atakwera kale pa tayala.

"Chokani, ndidule chinthuchi. Inu mukuopa bwana wanu."

Tchizulo ikanaterereka inkalowa mu lediyeta, ndipo lediyeta ya lole imeneyo Lachisanu masana sukanaipeza mpaka Lolemba. Ndinaika mkono wanga pakati pa tchizulo ndi nati.

"Mukamenya, muyambe mwamenya mkonowu."

"Mukufuna akulu anga aonongekere pabwalo pano ngati galu?"

Anakuwa mpaka amakaniko a galaja yoyandikana nayo anasuzumira pa mpanda. Hamala inali m'mwamba. Sindikudziwa ngati akanamenya. Amene anayankhula anali NyaChirwa, osadzuka pa mpando paja, mawu ake otsika.

"Alamu, ikani pansi. Akulu anu sankakonda phokoso."

Hamala inatsika. Ndinaona kuti munthuyu ndikamusiya chimanjamanja abwereranso ku hamalayo, choncho ndinamuuza zoona, kuti ntchitoyi ndi ya anthu awiri ndipo a Mhango manja awo anali atatupa.

"Ndikufuna munthu wamphamvu. Bwerani mundigwirire ichi."

Ndinamasula mabawuti a chivundikiro cha fani n'kuchikankhira kumbuyo. Ndinang'amba katoni ya pampu ija, ndinaipinda pawiri n'kuilowetsa kutsogolo kwa lediyeta. Fanibeluti ndinaisiya pomwepo kuti ithandize kugwira. Ndi fayilo ndinapala makona ophwanyika aja mpaka sipanala yopyapyala ya 36 inalowa. Kenako ndinakoleka chitsulo chachitali chogwirira pule, gudumu limene fanibeluti imazungulirapo, pa mitu ya mabawuti ake, n'kuika chogwirira chake m'manja mwa Wongani.

"Chisasunthe ngakhale pang'ono. Mukachisiya, zala zanga zatha."

Anagwira ndi manja onse, nsagwada zitalimba.

Nati yotere siifuna kukoka, imafuna kuidzidzimutsa. Ndinamenya mchira wa sipanala ndi hamala yaing'ono. Palibe chinachitika. Ndinamenyanso. Kachitatu sipanala inaterereka n'kukagunda katoni ija, dzanja langa n'kukhulika pa tsamba la fani. Ndinasolola katoniyo pang'onopang'ono. Inali itabooka mbali imodzi. Pa lediyeta timapepala tachitsulo tinapindika malo aakulu ngati chala chachikulu. Ndinagwada n'kuyang'anitsitsa, ndikudikira dontho. A Mhango ankapemphera chapansipansi. Dontho silinabwere. Magazi okha ndi amene ankadontha, a m'zala zanga.

Ndinamanga kansanza, ndinapalanso nati, ndinapoperanso mafuta. Ndinafulumira kubwezeretsa sipanala pa nati, magazi akudonthabe. Wongani anandiyang'ana.

"Pumani kaye, achimwene. Ndagwira. Sindisiya."

Ndinapuma. Ndinakankhira sipanala mpaka pansi pa nati, ndinaitsamira ndi chikhatho kuti isadumphe, n'kumenya kamodzi, mwamphamvu. Panamveka kuti thwa! Ndinaganiza kuti china chathyoka. Koma nditagwira fani n'kuipotokola, inayenda, mopepuka ngati chitsekerero cha botolo.

Wongani sanasiye chitsulo chija. Anangoweramira pa tayala, chili m'manja, n'kuyamba kulira mokweza, mapewa akugwedezeka. A Mhango anandinong'oneza kuti chimwalirireni mkulu wake, munthuyu anali asanagwetse msozi. Ndiye amene ankathamanga ndi za kumotchale, za ku ofesi ya kazembe, za bokosi. Tinamusiya alire.

Ndinatulutsa fani pamodzi ndi chivundikiro chake, n'kuimika kilatchiyo choimirira pakhoma kuti mafuta a m'kati asatayike. Ndikukhetsa madzi otsala, Boeta Salie analowa pa geti. Anayang'ana ngolo, mayi aja, nsanza ya m'dzanja langa, ndi katoni yobooka. Anapita kaye kwa NyaChirwa, anaika dzanja pamtima n'kuwerama. Kenako anavala ovolosi pamwamba pa mkanjo.

"Wachotsa wekha. Malizanso wekha," anatero. "Ine ndikupatsira zida."

Tinapala gasiketi yakale, kachikopa kotseka madzi pakati pa pampu ndi injini, tinamanga pampu yatsopano, tinabwezeretsa fani, ulendo uno kupotokolera kumanzere. Tinathira madzi n'kuiliza injini mpaka muvi wa kutentha unaima pakati osasuntha. Dzuwa lisanapendeke kwenikweni, lole inatuluka pa geti. NyaChirwa asanakwere anandigwira dzanja lovulala lija ndi manja awo awiri. "Yewo, adada," anatero, basi.

Lero ndikugwira m'galaja ina yaikulu, ndipo makilatchi a fani amene ndachotsa sindingawakumbukire onse. Ndisanakhudze sipanala ndimayamba ndaona mazinga a pampu yatsopano, ndipo katoni pa lediyeta siilephera. Koma zimenezo aliyense angakuphunzitseni. Chimene ndinatola tsiku lija n'chakuti lole ikafa, mwini wake amabwera ndi mavuto amene sipanala singamasule. Ena amathamangitsa oterewo kuti akadikire panja. Ine ndikaona munthu akuzungulirazungulira, maso ali pa hamala, ndimamuitana pafupi n'kumupatsa choti agwire.