Mapilisi ndi Botolo la Mlamu

Amake mapasa ankachapa ndi kusita zofunda panyumba ina yogona alendo. Chibadwire anawo, magazi awo sanabwerere m'malo. Ankati akaweramira m'beseni, poweramuka maso ankachita mdima mpaka kugwirira chingwe choyanikira.

Kuchipatala anawapatsa mapilisi a ayironi, owonjezera magazi, koma anawamanga m'mimba. M'mawa nseru, kuchimbudzi kukhalitsa ngati apita kumaliro. Amuna awo ankangoti, "Iwe, matenda akowa satha?"

Mlamu wawo, mlongo wa amunawo, ankayenda ndi chikwama chogulitsa mankhwala. Tsiku lina anatulutsa botolo la madzi akuda, otsekemera.

"Ndi ayironi yemweyo, alamu, koma uyu ndi wofewa."

"Ndiye mapilisi ndisiye?"

"Musiyirenji? Imwani zonse, magazi abwere msanga. Kapena kudwala kukukomerani?"

Anamwadi zonse. Pasanapite nthawi m'mimba munayamba kupotokola, ndipo anasanzira zofunda zoyera zomwe anali atangosita. Bwana wa pantchitopo anayang'ana zofundazo, osati iwo.

"Kapumeni kaye, mayi."

Atapita kuchipatala, nesi ataona botolo ndi mapilisi pamodzi, anagwira pakamwa.

"Mayi, kusintha mankhwala si kuphatikiza. Mukanabwera, tikanakusiyitsani awa n'kukupatsani ena, mlingo wake tikanakuuzani ndife. Ayironi akachuluka m'thupi ndi poizoni."

Anawauza kuti asiye zonse kaye m'mimba mukhazikike. Kenako anawapatsa mtundu wina, woti azimwa atadya pang'ono, osatsitsira tiyi, ndipo adzabwerenso kudzayezetsa magazi. Botolo lija nesi analitsekera m'kabati, kuopa kuti mapasa angalipeze.

Mankhwala atsopanowo anawayanja. Chizungulire chinatha, zikhatho zinayamba kufiira. Koma atabwerera kuntchito anapeza mtsikana wina ataima patebulo pawo, simbi ili m'manja. Bwana sanatuluke n'komwe muofesi.

Mlamu sanapepese. Achibale akasonkhana, iye amati, "Mkazi wa achimwene ndi wa thupi lanthete, ngakhale mankhwala amamulemera." Amuna awo amaseka nawo.

Masiku ano amake mapasa amachapira anthu m'makomo, khomo ili lero, lina mawa. Mlamu akabwera amamupukutira mpando, n'kumufunsa za ana mwaulemu wonse, chifukwa nyumba yomwe amakhalamo ndi ya mlamuyo.