Ntchafu Yotupa ndi Chinkhoswe cha Mwana Wanga

Kutatsala milungu yochepa kuti chinkhoswe cha mwana wanga wamkazi chichitike, ine ndidagwa panjinga. Ndinkachokera kumsika wa ku Limbuli nditakwera kabaza, dengu la zinanazi lili pamiyendo. Mvula idali itangokata. Njinga idaterereka, ine ntchafu pamwala, phi! Ndidadzuka msangamsanga n'kuyamba kutola zinanazi, manyazi ataposa ululu.

Pofika kunyumba ntchafu idali itatupa. Bambo akunyumba, munthu wachifundo chake, adatereka madzi n'kuyamba kundithowa ndi nsalu yotentha, monga timachitira tonse munthu akavulala. Adathowa, adathowa, uku akukanikiza. M'mawa mwake, abale inu, chotupa chija chidali ngati dzungu, chakuda bii!

Ndidalira, koma osati chifukwa cha ululu. Mwendo unkakana kupindika, nanga ndikadagwada bwanji? Akuchimuna ankachokera ku Nkando, anthu oti sindidaonanepo nawo. Mayi wa mtsikana kuwalonjera chiimire? Akadati awa ndi anthu amwano, ndipo mwana wanga akadalowa m'banja ndi mbiri imeneyo.

Kuchipatala adokotala adati fupa lili bwino, kungoti magazi adaundana mkati. Atamva za kuthowa kuja adagwira pakamwa. "Bambo, madzi otenthawo ndi amene akulitsa chotupachi. Masiku oyambirira pamafunika chozizira. Ndipo wina asayerekeze kutemapo mphini."

Bambo adangoti zyoli. Potuluka adandinong'oneza, "Chozizira tichitenga kuti, kwathu kuli filiji?" Koma masana omwewo ndidangoona atulukira ndi jumbo yodzaza mafirizesi, timadzi totsekemera toumitsa tija amayamwa ana. Adawakulunga m'chitenje n'kundimanga pantchafu, ofiira ndi achikasu omwe, ine mwendo uli pamwamba pa ndowa. Amayi anzanga a kumpingo atabwera kudzandizonda adaseka mpaka misozi. Wina adati, "Amayi, mwatsegula golosale pantchafu?" Ndidafuna kukwiya, koma nanenso ndidaphulika.

Kenaka chotupa chidayamba kusintha mtundu. Adokotala adali atandiuziratu kuti chikayamba kubiriwira n'kudzachita chikasu, ndiye kuti magazi akubalalika. Eee, chimwemwe chake! Kukangocha ndinkakuwa, "Bambo, thamangani mudzaone, chachita chikasu!" Iwo ankabwera ndi khasu m'manja, kuyang'anitsitsa ngati akuyendera munda. Titabwereranso kuchipatala adokotala adatilola kuthowa tsopano, ndipo bambo adayenda monyang'wa njira yonse. "Ndinkanena ine, kungoti ndidafulumira," adatero.

Ndidayamba kuphunzira kugwada ngati mwana. Ndinkagwira mtondo, kutsika pang'ono, kukuwa mayo, kukweranso. Mwana wanga ankandiletsa. "Amayi, mudzangokhala pampando, adzamvetsa." Ine pampando? Ndidamuuza kuti asiye zimenezo, chinkhoswe n'chake koma mawondo ndi anga.

Tsiku lidafika, chotupa chitatsala ngati ndimu. Akuchimuna adakhala pansi pa mtengo wa mango, amuna pamipando, akazi pamphasa. Ndidavala chitenje changa chatsopano, ndidayenda osatsimphina. Nditafika pamaso pa mayi a mnyamata ndidatsika pang'onopang'ono mpaka mawondo onse adagunda pansi. Ndagwada! Ndidafuna kululutira pomwepo. Ndidawomba m'manja, ndidawalonjera mmodzimmodzi.

Podzuka ndiye padali nkhani. Mwendo udati toto. Ndidayesa, ndidayesanso, thukuta kamukamu, ndipo ndidaona mwana wanga ataweramitsa nkhope. Mayi a mnyamata aja adasendera pafupi, adandikoleka mkono m'khosi mwawo n'kundinong'oneza, "Asewere anga, tidzukire limodzi. Langa bondo lidatha kalekale, ndakhala ndikudandaula kuti pamphasa pano andidzutsa ndani."

Tidadzuka tikudzandira, titakolekana, tikuseka ngati atsikana, ndipo nthungululu idalira bwalo lonse.