Mtedza wa Mbewu pa Kaliyala ya Alamu

Chaka chotsatira chilala chija, ine ndi amuna anga tinalibe mbewu ya mtedza ngakhale yodzaza m'manja. Tinali titadya yonse. Amayi anga kwa Mphamba anali atabisa thumba limodzi la mtedza wosasenda kudenga, ndipo atamva mabingu oyamba anatumiza mawu kuti ndikatenge. Ndinapita wapansi, mwana wa miyezi isanu ali kumsana. Pobwerera ndinadalira alamu anga, akulu awo a amuna anga, amene ankanyamula anthu opita ku boma pa kagalimoto kawo kakale.

Denga la galimotoyo linali lofooka, choncho alamu anapangitsa kathandala kachitsulo kwa owotcherera a kumsika. Anakalowetsa kumbuyo, pachitsulo chokokera ngolo, n'kukamanga ndi bawuti yaikulu. Ankati ndi kaliyala, ngati ya njinga, ndipo ankainyadira kuposa nsapato zawo za kutchalitchi.

Tsikulo m'kati munali mutadzaza anthu. Pakaliyala alamu anasanjika matumba awiri a feteleza kunsonga kwenikweni, galimoto n'kutsamira kumbuyo ngati munthu wofuna kukhala pansi. Thumba langa analiponya kumanja, pomwe paipi ya utsi imapumira. Injini inali ikulira kale. Nditaikapo dzanja ndinamva kutentha ngati pachiwaya.

"Alamu, kodi mwati tikadzale mtedza wokazinga?"

"Mlamu, inu dziwani za matewera. Za galimoto tisiyireni ife."

Sindinakangane nawo. Ndinatsitsa thumba langa, ndinakakhalapo pamthunzi wa mango, n'kuyamba kuyamwitsa mwana. Iyeyo poyamwa sankafulumira, inenso ndinalibe changu. Alamu analiza huta kawiri. Kenako mayi wina wachikulire anatulutsa mutu pawindo.

"Adada, mverani mwanayo! Tikupsa muno ife!"

Alamu anazimitsa injini, nabwera manja ali m'chiuno. "Chabwino, amakanika. Tiphunzitseni."

Ndinawauza kuti za galimoto sindidziwa, koma kubereka ndimadziwa. Mwana ukamulekerera patali ndi msana amakukokera chagada, ndipo sufika naye kuchitsime. Ndiye thumba limodzi la feteleza tinalikankhira pakati, logundana ndi chitseko. Linalo tinalilowetsa m'kati, anthu n'kupondapo mapazi. Galimoto inadzuka pomwepo, tonse tikuona. Mtedza wanga tinauika pamwamba, cha kumanzere, kutali ndi paipi.

Alamu anafuna kumanga ndi malegeni okha, mphira zija zodula ku machubu. Ndinati mphira imatamuka pamabampu. Ndinapempha amayi anga, amene anali atandiperekeza, chingwe chomangira mbuzi, ndinachidutsitsa pansi pa zitsulo mopingasa, n'kukoka mfundo nditaponda phazi pathandala. Malegeni anabwera pamwamba pake. Nditagwedeza thumba, galimoto yonse inagwedezeka nalo. Nsonga ya thumbalo ndinaipinda kuti isaphimbe nyali ndi nambala, paja apolisi a polowera ku boma sasinza.

Pafupi ndi paipi panatsala malo. Alamu anapanikizapo chigubu chawo chapulasitiki chopanda kanthu.

"Muone, mlamu. Palibe chimene chichitike apa."

Msewu unali wokumbika, ndipo pabampu lililonse khosi langa linkatembenukira kumbuyo. Titawoloka kamtsinje ndinati mwana wanyowa, tiime. Zinali zoona, koma ndinkafunanso kuona chingwe. Chinali chitakhwepa pang'ono, ndinachimanganso. Mtedza unali wozizira bwinobwino. Koma chigubu chija! Mbali imodzi chinali chitasungunuka, bowo lolowa chibakera, pulasitiki ikudontha ngati phula.

Mayi uja anaseka mpaka kugwira bondo langa. "Adada, tiyeni tikatungire madzi m'menemo!"

Alamu anachinyamula ndi zala ziwiri, nachiyang'ana mbali zonse. "Chinali chakale kale ichi," anatero, osandiyang'ana. Kuyambira pamenepo anayendetsa pang'onopang'ono, ndipo tisanafike ku boma anaima okha kukayesa mfundo.

Sabata imeneyo tinasenda mtedza pakhonde mpaka zala kuwawa. Mvula itagwa yolowa pansi, tinadzala munda wonse wa kuseri kwa nyumba, mbewu ina n'kupatsako apongozi. Patapita masiku asanu ndi atatu ndinayenda mzere ndi mzere, ndikufunafuna pomwe sipanamere. Ndinapeza mapando atatu okha, ndipo pamenepo panali mapazi a nkhanga.