Denga Limene Taisiya Anapempha

Taisiya Yefimovna Gorshkova anaphunzira tenesi pa bwalo limene linkakhala la tenesi theka la chaka chokha. Kukangoyamba kuzizira, akuluakulu a tauni ankalithira madzi kuti aundane, ana azitsetserekapo, pakuti kuseri kwa mapiri a Ural amenewo ndiwo masewera a anthu olongosoka. Miyezi imeneyo Taisiya ankamenya mpira pakhoma la mosungira malasha ku fakitale, kumene bambo ake ankasonkha moto. Mpirawo unkabwerera uli bii, koma unkabwerera.

Anakula n'kukhala katswiri, ngati katswiri ndi munthu wogona pa benchi kubwalo la ndege n'kumadya buledi wa dzana. Anasewera ku Kazan, ku Almaty, ku Antalya, omuonerera ali woyimbira masewera ndi mipando. Chaka china analowa m'gulu la akazi mazana atatu otsogola, nyuzipepala ya kwawo n'kulemba kuti dziko lonse lanjenjemera. Dzikolo silinamve. Asanafike zaka makumi atatu phewa linamukana, ndipo anabwerera kwawo ndi chikwama chimodzi.

Anasonkhanitsa ana ochepa n'kuyamba kuwaphunzitsa. Chimene ankafuna chinali chimodzi basi: denga pamwamba pa bwalolo, kuti anawo asamaiwale m'chisanu zimene aphunzira kukutentha. Anapita kwa Gennady Fomich, mkulu wa zamasewera, munthu wodziwa kukana akumwetulira.

"Taisiya Yefimovna, nyenyezi yathu! Khalani pansi, tiyi ali pamoto. Mwati denga? Inu amene munapirira dzuwa la ku Turkey mukuopa kamvula?"

"Mvula sindiopa, Gennady Fomich. Ndikuopa paipi yanu yothirira madzi pabwalo."

"Aa, paipi si yanga, mayi, ndi ya boma. Yanga ndi siginecha."

Komiti inakhala pansi n'kubala komiti ina, yomwe inabereka kakomiti kofufuza ngati denga ndi nkhani ya zamasewera kapena ya zomangamanga. Zisanu zitatu zinadutsa. Chaka chilichonse ana ankabwerera atachepa, ndiponso ataiwala kagwiridwe ka chomenyera mpira.

Tsiku lina Gennady Fomich anamuimbira foni mawu akunjenjemera ndi chimwemwe: nkhani ya bwalo yatheka, avale bwino Loweruka. Taisiya anasita diresi. Atafika anapeza gulu la malipenga, mlendo wochokera ku likulu la chigawo, ndi chikwangwani chophimbidwa nsalu. Atavundukula, panalembedwa kuti bwaloli tsopano ndi la dzina la T. Y. Gorshkova. Anayang'ana kumwamba. Kunali mitambo yokhayokha.

Ndiye mwambo wa tauni umati wolemekezeka wa tsikulo ndiye amathira madzi oyamba a chaka. Anamuika paipi m'manja.

"Gennady Fomich, sikunazizire mokwanira," ananong'ona. "Madziwa saundana, alowa pansi."

"Mlendo akubwerera mawa. Chisanu chidzatipeza m'njira. Mwetulirani, akujambula."

Anathira. Ana amene ankawaphunzitsa anaima kumpanda akumuyang'ana, makolo akuwomba m'manja. Madzi anasefukira, n'kulowa m'ming'alu, n'kukhala mmenemo mpaka chisanu chenicheni chinafika ndi kuwatupitsa. Madzi oundanawo atasungunuka, bwalo linali litatukumuka ngati buledi wophika mwana. Mpira ukagwa unkapita kumene wafuna.

Komiti inabwera, inayendayenda, inapunthwa, n'kugamula kuti malowa sayeneranso tenesi, koma kutsetsereka palibe vuto, pakuti madzi oundana amafanizitsa zonse.

Taisiya anakakhala mu ofesi ya Gennady Fomich osavula chikhoti. Tiyi anazizira m'kapu.

"Nanga anawo ndiwauze chiyani?"

"Auzeni zoona, mayi: tauni yawo siiwala akatswiri ake. Chikwangwani sitichotsa, musade nkhawa." Gennady Fomich anaima n'kumutsegulira chitseko mwaulemu. "Komanso onani mmene zayendera bwino. Pempho lanu lakhala likutivutitsa zaka zonsezi, lero latha lokha. Bwalo lopanda tenesi lifuniranji denga?"